Pakamwa pa Kapitawo ndi Mwana Wanga Losina

Losina ndi Petulo, ana anga, mutu uno ndauyamba katatu ndi kung'amba pepala katatu. Za mvula, za mathirakitala ndi za mabwana ndimalemba dzanja likuthamanga lokha, koma ndikafika apa cholembera chimalemera ngati khasu. Moyo wanga wonse wa ntchito ndinathera m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo tsopano ndapuma, ndikukhala kwao kwa amayi anu kwa Mphuka. Anthu amati munthu akakalamba zinthu zimayamba kumveka. Kwa ine izi sizinamvekebe. Ndingolemba momwe zinachitikira, mwina inu mudzaona pamene ine sindikuona.

Chaka choyamba pa ntchito

Ndinalembedwa ntchito yothyola tiyi ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'dzinja, masamba atachuluka kuposa manja. Agogo anu, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, anandiperekeza mpaka pa ofesi ya esiteti, nandiuza m'Chilomwe kuti ndikatseke pakamwa ndi kutsegula makutu. Kapitawo wathu, woyang'anira gulu lathu la othyola, anali a Mulipa, bambo wamfupi wa mawu ngati belu losweka. Majasi a mvula chaka chimenecho anabwera ochepa, ndipo enafe tinkaboola thumba la feteleza n'kuvala, chiperoni chikutilowa m'mafupa. Tikafika pa sikelo a Mulipa ankapisa dzanja m'dengu, n'kutulutsa masamba okhwima ndi timitengo, n'kuponya pa mulu umene tinkautcha zotaya. Akatero ankakuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Iwe ndi mulu uwu, kusiyana kwanu n'kotani?" Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo, koma pobwerera ku malayini, kunyumba za antchito, ndinkalankhula ndekha m'njira ngati wozungulira mutu. Chimene chimandisokoneza mpaka lero n'chakuti manja anga anaphunzira msanga chifukwa cha mantha omwewo. Pofika chaka chachitatu panalibe wondiposa m'gulu lonse. Choncho ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti a Mulipa ndiwo anandisandutsa munthu. Pa maliro awo ndinanyamula nawo bokosi, ndipo ndinalira misozi yeniyeni.

Chaka chachisanu ndi chinayi

Chaka chimenechi anandikweza kukhala kapitawo. Manijala wa divishoni yathu tinkamutcha a Mwamva, chifukwa mawu awo aliwonse ankathera pomwepo. Tsiku loyamba anandiitanira pa khonde la ofesi. "Mnyamata, munthu ukamuyamikira lero, mawa abwera mochedwa. Mwamva? Uziwasunga ali ndi njala ya mawu abwino, osawapatsa. Mwamva?" Ine ndinati ndamva. Iwowo ankachita zomwezo kwa ine. Masamba akachepa, kapena thirakitala ikachedwa kudzanyamula mpaka tiyi n'kuyamba kutentha m'matumba, ankandiimika pamaso pa gulu langa. "Kapitawo wanuyu mutu wake ndi wongovalira chipewa." Magambutsi akasowa, wolakwa ndinali ine. Amayi othyola akadwala chifukwa chonyowa tsiku lonse, wolakwa ndinali ine. Mawu ankatsika ngati madzi a paphiri, kuchoka ku ofesi kufika kwa ine, kuchoka kwa ine kufika kwa amayi a madengu. Sindinadzifunsepo kuti otsala m'kamwa mwanga pa nthawi yoweruka ankapita kuti.

Chaka chomwecho ndinakwatira amayi anu, ndipo Losina anabadwa chisanathe. Petulo anabwera patapita zaka zinayi. Nditamunyamula Losina ku kiliniki ya pa esiteti ndinalumbira chamumtima kuti mwana wanga sadzabereka dengu. Ndikufuna mudziwe zimenezi, ngakhale sindikudziwa ngati zikundithandiza kapena zikundiwonjezera mlandu. Mowa sindinkamwa. Dzanja sindinakwezepo pa mwana kapena pa amayi anu. Kutchalitchi ndinali mkulu wa mpingo, ndipo mabanja akayambana ku malayini ankaitana ine.

Chaka cha makumi awiri ndi zitatu

Anatisamutsira ku divishoni ya kumtunda, kufupi ndi nkhalango ya bulugamu, kumene gulu linali lalikulu ndipo manijala watsopano ankafuna masamba ochuluka ndi anthu omwewo. Losina anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ali sitandade eyiti. Anali mwana wolongolola, woimba m'kwaya, woti akapita kumpopi ankabwerako ndi nkhani za malayini onse. Kusamukako kunamusokoneza, ndipo teremu yoyamba sanakhoze bwino. Lipoti linafika Loweruka. Lamulungu masana kunabwera anzanga awiri, akapitawo a magulu ena, kudzacheza. Ndinamuitana Losina, ndinamuimika pabwalo, ndipo ndinawerenga lipotilo mokweza, phunziro ndi phunziro. Nditamaliza ndinati, "Anzanga, kumunda tili ndi zotaya, kunyumba kuno ndilinso nazo. Ndi izi." Anzangawo anaseka. Losina anayesa kuseka nawo, monga ine ndinkachitira kwa a Mulipa, ndipo nditaona kusekako mtima wanga unakhala pansi, ndinati mwanayu wamva.

Dzina lija linakakamira. Ine ndinkati, "Zotaya, bweretsa madzi," "Zotaya, kodi lero walemba chiyani?" Ana a pa layini anatola, kenako linakafika kusukulu. Akakhoza masamu ndinkamufunsa kuti waonera kwa ndani. Akalephera ndinkakhala sabata yathunthu osamuyankha moni, ndikulankhula ndi Petulo yekha ngati m'nyumba muli mwana mmodzi. Pa tchuthi ndinamutengera kumunda, ndinamuberekesa dengu lopanda kanthu pamaso pa amayi a gulu langa, n'kunena kuti ayeseretu saizi yake. Kwaya ndinamuletsa, ndinati mawu abwino sadyetsa munthu. Zonsezi ndinkachita ndili ndi mantha, osati chidani. Ndikaona mtsikana wa msinkhu wake akubwera kudzafunsira ntchito ali ndi mwana kumbuyo, ndikafika pakhomo mantha amenewo ankatuluka pakamwa ngati moto.

Mwana anayamba kusintha pang'onopang'ono. Nkhani za kumpopi zinatha. Ankadyera kuseri kwa khitchini, ataimirira. Anayamba kudandaula mutu ndi m'mimba, makamaka m'mawa wa masiku a sukulu, ndipo ine ndinkati ndi ulesi. Kenako kunabwera chibwibwi, chimene sanabadwe nacho. Ndikamufunsa kanthu, lilime linkakakamira pa liwu loyamba, maso ali pansi, zala zikuzula tsitsi la kuseri kwa khutu mpaka panayera. Mayeso a sitandade eyiti analephera. Amayi anu anandiuza tsiku lina tikuchokera kutchalitchi, "Abambo a Losina, mwanatu akutha ndi pakamwa panupa." Ndinawayankha kuti, "Ine a Mulipa anandinena zoposa izi. Ndinatha?" Anangopitiriza ulendo. Pa nthawiyo ndinaganiza kuti ndawagonjetsa.

Chaka cha makumi awiri ndi zinayi

Tsiku lina m'mwezi wozizira, ndili pa sikelo, kunabwera uthenga woti ndikufunika ku kiliniki. Namwino wa kumeneko anali a Sisitala Asiyatu, mayi wachisilamu wa ku Thekerani, amene abale ake anali a malonda. Anali munthu wosakweza mawu, koma ngakhale mamanijala ankamuopa. Ndinapeza Losina atakhala pa benchi panja ndi amayi anu. A Sisitala anandilowetsa ndekha n'kutseka chitseko.

"A Kapitawo, mwana wanu wabwera kuno kachisanu ndi m'mimba. Ndayeza malungo, ndayeza njoka za m'mimba, ndayeza magazi. Palibe chimene ndapeza."

"Ndiye kuti akunama," ndinatero. "Ndimanena ine."

"Sakunama. Kupwetekako n'koona. Koma mankhwala ake sali m'kabati umu." Anatsegula kabuku ka kuchipatala. "Lero kabuku kakale kanadzaza, ndiye ndimalemba katsopano. Ndinamufunsa dzina, ngakhale ndikulidziwa, kuti ndimve akulankhula. Mukudziwa wandiyankha kuti chiyani? Wati Zotaya. Sanali kuseka. Nditamufunsanso, anaganizira kaye, ndiye n'kunena kuti Losina."

"Asisitala, amenewo ndi macheza a pakhomo. Mwana ameneyu sindinam'menyepo, funsani amayi ake. Amadya, amavala, sukulu amapita. Nkhanza zake ziti?"

"Mukanam'menya bwenzi ndikumanga bala n'kukutumizani kwa a polisi, nkhani n'kukhala yosavuta. Izi ndi nkhanza zomwe sizisiya chipsera pakhungu. Mwana wa msinkhu uwu amadzionera m'maso mwa makolo ake. Mukamuuza tsiku ndi tsiku kuti ndi wachabe, amakhulupirira, chifukwa anena ndi bambo ake. Wandiuza kuti masiku ena amalakalaka atagona osadzuka. Mawu amenewo ine sindiwatenga mwamasewera, ndipo inunso musawatenge choncho."

Ndinatuluka, ndipo ndisakunamizeni, chimene chinadzaza mumtima mwanga sichinali chisoni. Unali mkwiyo ndi chisokonezo. Ndinkadzifunsa kuti mawu omwewo amene anandilimbitsa ine angaphe bwanji mwana wanga? Ngati ndi poizoni, bwanji ine ndili moyo?

Amayi anu sanadikire kuti ndimvetse. Anatumiza uthenga kwa achimwene awo, atsibweni anu, ndi kwa mng'ono wawo, a Felesita, amene ankagulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu ku Bvumbwe. Anabwera onse awiri Lamulungu. Atsibweni anu analankhula mwaulemu, koma mosazungulira. "Alamu, mwana ndi wathu tonse. Sitikulandani. Tikupempha kuti akapumeko kwa a Felesita, akabwereze sukulu kumeneko. Tikanatha kungomutenga, mwambo ukutilola, koma tikufuna mawu atuluke m'kamwa mwanu, kuti mwana asadzaone ngati anathawa kwao." Ndinapempha sabata imodzi.

Sabata imeneyo inali yovuta kuposa chilichonse chimene ndinakumana nacho pa ntchito. Nkhani inali itamveka kale m'malayini. Mmodzi mwa akapitawo aja amene anaseka nawo tsiku la lipoti anandikokera pambali. "Mukalola, mwatha. Munthu wolephera kusunga mwana wake, gulu la amayi limumvera? Kutchalitchi mudzaweruzanso nkhani ya ndani?" Ndinaona kuti akunena zoona. Ndinali nditatsimikiza kukana, ndi kulonjeza kuti dzina lija ndilisiya. Koma Lachisanu mvula inatiwerutsa msanga, ndipo ndinafika pakhomo nthawi yosayembekezeka, kudzera njira ya kuseri. Ndinamva munthu akuimba nyimbo ya kwaya motsitsa, mawu osalala, opanda chibwibwi ngakhale pang'ono. Anali Losina akutsuka mbale, Petulo akumuvutitsa ndi thovu la sopo, iye n'kumaseka. Ndinaima kuseri kwa nthochi. Kenako Losina anaona magambutsi anga. Nyimbo inaduka pakati pa liwu, mapewa anakwera, dzanja linapita kuseri kwa khutu. Sindinalankhule kanthu, sindinakwinye nkhope, kungofika kokha. Pamenepo ndinadziwa chinthu chimodzi, kuti mawu mwana wanga anali nawobe, koma osati pamene pali ine. Lamulungu ndinauza atsibweni anu kuti Losina apite.

Ndinanyamula chikwama chake panjinga mpaka kumsewu waukulu. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndimuuze, oti akadziwe kuti bambo ake sakumutaya. Minibasi itaima, kondakitala akufuula, Losina atakwera kale phazi limodzi, ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Ukakalepheranso kumeneko, usabwere kuno." Sindikudziwa kumene mawu amenewo anachokera. Si amene ndinakonza. Chitseko chinatsekedwa, ndipo ndinatsala ndi njinga m'mbali mwa msewu.

Zaka zotsatira

Zambiri za ku Bvumbwe ndinkazimva kwa amayi anu, chifukwa ine a Felesita anandiuza kuti ndisafike miyezi isanu ndi umodzi. Akuti masabata oyamba Losina ankapepesa chilichonse, ngakhale mphaka akagwetsa chikho. A Felesita sanamukakamize kulankhula. Ankangopita naye pamsewu akaweruka kusukulu, n'kumusiyira benchi ya tomato. Galimoto ikaima, wogula sadikira wachibwibwi, koma sadziwanso mbiri yake, ndipo pang'onopang'ono lilime linamasuka pa anthu achilendo. A Sisitala Asiyatu analembera kalata mnzawo wina wopereka uphungu kwa achinyamata kuchipatala cha kufupi ndi kumeneko, ndipo Losina ankapitako kawiri pa mwezi kwa nthawi yaitali. Zomwe ankakambirana sindikuzidziwa, ndipo anandiuza kuti si zanga. Analowanso kwaya. Anabwereza sitandade eyiti n'kukhoza, anafika fomu folo, kenako anaphunzira kusoka. Koma sizinayende molunjika. Akuti panali miyezi imene m'mimba munkayambiranso, makamaka akamva kuti ndikubwera.

Ndikapita, ndinkanyamula tiyi wa pa esiteti ndi nthochi. Ankagwada n'kundipatsa moni, "Muli bwanji, ababa," kenako n'kupeza ntchito kuseri. Ine ndinkakhala pa mpando ndi a Felesita kukamba za mitengo ya kabichi. Ndinafunsa tsiku lina, "Alamu, inu mumatani kuti azilankhula nanu?" Anati, "Sinditani. Akalakwa ndimanena chimene walakwa. Sindinena chimene iye ali." Ndinaganizira mawu amenewo njira yonse yobwerera, ndipo ndinaona kuti m'moyo wanga wonse wa ntchito palibe anandisiyanitsirapo zinthu ziwirizi.

Kumunda ndinayesa kusintha. Mayi wina wachikulire, wothyola bwino kuposa onse, ndinamuuza pa sikelo kuti, "Mayi, ntchito yanu ndi yabwino, zikomo." Anaika dengu pansi n'kuyamba kulira, akufunsa kuti walakwa chiyani kuti achotsedwe ntchito. Gulu lonse tsiku limenelo linaganiza kuti kukubwera zoipa. Masamba sanachepe, komanso sanachuluke. Choncho ngakhale kumunda sindinapeze yankho loti a Mwamva ankanama kapena ankanena zoona. Anthu ena analekadi kundiopa, monga mnzanga uja ananenera, ndipo ukulu wa mpingo ndinausiya ndekha.

Chaka chino, nditapuma

Losina tsopano ali ndi shopu yake yosokera mayunifolomu ku Bvumbwe, ali pabanja, ndipo ali ndi mwana wamkazi, Tamanda, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Pa phwando laling'ono londitsanzika ku esiteti sanabwere. Patapita mwezi ndinakwera minibasi ndekha kupita kushopu kwake. Ndinakhala pa kampando ka makasitomala, makina akulira, ndipo ndinati, "Mwana wanga, ndinakulakwira. Sindikumvetsa zonse, koma ndinakulakwira." Anaimitsa makina.

"Ndinakukhululukirani kalekale, ababa. Ndinachita zimenezo kuti ine ndipume, osati inu."

"Ndiye unachira?"

"Masiku ambiri. Koma kasitomala wamwamuna akakweza mawu muno, manja anga amazizirabe. Munthu akayamikira diresi limene ndasoka, ndimayamba kufufuza pamene ndalakwitsa." Anayang'ana nsalu. "Tamanda ndizibwera naye kwanu. Koma sadzatsala kumeneko popanda ine."

Zinandipweteka, koma sindinatsutse. Ndinamufunsa funso limene landizunza zaka zonsezi, kuti bwanji Petulo, amene anakulira m'nyumba yomweyo, ali bwinobwino. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Munamumvapo Petulo akulankhula ndi mwana wake?" Ndinali nditamumvapo, mawu ake ali ngati anga omwe aja. Ndinkaganiza kuti ndi bambo wodziwa kulera. Petulo, mwana wanga, usakwiye powerenga apa. Mutu uno ndaulembera iwe kuposa mlongo wako, chifukwa iye zonsezi akuzidziwa kale.

Mwezi wathawu Losina anabweradi ndi Tamanda kwa Mphuka, masana amodzi okha. Amayi anu anatulutsa makapu awo adothi, amene amasungira alendo. Tamanda anafuna kundibweretsera tiyi yekha. Atayandikira pamene ndinakhala pabwalo anapunthwa, kapu inagwa n'kusweka pakati, tiyi n'kundithira pa thalauza. Ana anga, ndikuuzeni zoona, mawu anafika kale pa lilime, athunthu, okonzeka, ngati kuti zaka zonsezi ankangodikira. Ndinaluma mano. Losina sanali kuyang'ana mwana, ankayang'ana ine. Ndinakwanitsa kusalankhula, koma choti ndinene m'malo mwake ndinalibe.

Losina anatembenukira kwa mwana wake. "Wapsa?" Tamanda anapukusa mutu. "Chabwino. Katenge tsache, usamale zala. Ukatero uwabweretsere agogo ina."

Mwana anathamanga kukatenga tsache akudumphadumpha. Anasesa, anabweretsa kapu ina ataigwira ndi manja awiri, ndipo anakhala pa mwendo wanga pomwe panali ponyowa, n'kuyamba kundifunsa chifukwa chake makutu anga ali ndi tsitsi. Nkhani ya kapu inathera pomwepo. Ine ndinamwa tiyi uja ndikudabwa kuti kodi zaka zonse zija, zimene zinkafunika zinali zochepa chonchi?